Ulendo ndi wa Tonse, Koma Kupitirira Galimoto ndi kwa Mmodzimmodzi

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE)

MUULUTSI: Inu a pa Lisasadzi, a pa Chinkhoma, a ku Santhe, a ku Mtunthama, a pa Kasungu boma, takulandirani ku pulogalamu yathu ya chitetezo cha pamsewu. Lero tikamba za njinga zamoto zikamayenda pamdipiti: poperekeza maliro a mnzanu wa kabaza, poperekeza akwati, popita ku mpira, kapena pochokera ku okushoni. Funso lathu ndi limodzi. Mdipiti ukapeza lole kutsogolo, ipitiriridwe bwanji kuti onse akafike? Ndili ndi bambo amene amaphunzitsa anthu kuyendetsa njinga zamoto. Takulandirani, bambo.

MLANGIZI: Zikomo, mayi. Moni kwa omvera onse, makamaka anyamata a m'masiteji.

MUULUTSI: Tiyambe ndi msewu wathu womwewu wa M1. Wina akhoza kunena kuti kuno ku Kasungu n'kwachidikha, msewu ndi wotambalala, munthu amaona patali. Vuto lili pati?

MLANGIZI: Vuto lili pomwepo, mayi. Msewu ukawongoka, mtima umakula. Onjezani kuti mu 2022 M1 idayamba kukonzedwa ndi thandizo la European Investment Bank, ndipo pamene phula lasalala aliyense amawonjezera liwiro. Koma taonani amene tikugawana nawo msewuwu. Mabasi akuluakulu a pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu. Matanka a mafuta ochokera ku Tanzania. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, malole osanja mabelo mpaka pamwamba, akulunjika ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Kenako ngolo za ng'ombe, njinga zakapalasa zonyamula makala, ana a sukulu, mbuzi. Onsewa pamsewu wa mizere iwiri yokha, wopita ndi wobwera. Ndiye kuti aliyense wopitirira mnzake amabwereka mbali ya eniake. Ndipo eniake sachedwa kubwera.

MUULUTSI: Nanga pagulu chimasintha n'chiyani? Ine ndimaona ngati mukachuluka ndiye madalaivala amakuonani bwino.

MLANGIZI: Kuonekako mumaonekadi. Chimene chimasintha ndi maso a oyendetsa. Munthu akakhala yekha amayang'ana msewu. Akakhala pamdipiti amayang'ana msana wa mnzake. Tiyerekeze njinga zisanu ndi imodzi zanyamuka pa Lisasadzi kupita ku boma, zapeza lole ya mabelo ikukwawa. Wotsogolera wasuzumira, waona kuti kutsogolo kulibe kanthu, watuluka. Wachiwiri watuluka chifukwa woyamba watuluka. Wachitatu watsata wachiwiri. Wachinayi sanaone n'komwe msewu, akungoona jekete ya mnzake. Mpata umene wotsogolera adauona unali wokwana njinga imodzi. Pamene wachinayi akufika pakati pa lole, basi yatulukira. Kumanzere kwake kuli matayala a lole, kumanja kuli basi, kumbuyo kuli wachisanu amene wamutsekera pobwerera.

MUULUTSI: Alibe kolowera.

MLANGIZI: Alibe. N'chifukwa chake lamulo loyamba la pamdipiti ndi ili: mpata umene mnzako waona ndi wake, si wako. Iwe dikira, uone wako.

MUULUTSI: Koma bambo, anyamata amati njinga yamoto ndi yopepuka, kupitirira lole n'kanthawi kochepa chabe.

MLANGIZI: Tiyeni tiwerengere limodzi. Lole yokoka ngolo yake imatalika pafupifupi mamita 20. Musanayambe kuipitirira mumakhala mwasiya mpata kumbuyo kwake, tinene mamita 20. Mukaipitirira muyeneranso kusiya mamita ena 20 musanabwerere kumanzere. Onse pamodzi ndi mamita 60 oti muwagonjetse. Tsono lole ikuyenda makilomita 60 pa ola, inu mwakoka mpaka 80. Kusiyana kwanu ndi 20 yokha, komwe ndi mamita asanu ndi theka pa sekondi. Mamita 60 aja akutengerani masekondi pafupifupi 11. Pa masekondi amenewo njinga yanu yayenda mamita oposa 240, muli mbali ya eni. Galimoto yobwera kutsogolo pa liwiro lomwelo nayonso yadya mamita 240 ake. Ndiye mukufunika msewu wopanda kanthu wokwana pafupifupi theka la kilomita, ngati mabwalo a mpira asanu mutawalumikiza.

MUULUTSI: Mabwalo asanu, chifukwa cha lole imodzi!

MLANGIZI: Ndipo apo tikunena za njinga yamphamvu. Zambiri zimene zili m'masiteji mwathu, ma Lifo, ma King Lion, ma Boxer, ndi za injini zazing'ono. Mukakwezapo munthu ndi thumba la chimanga, 80 imeneyo kuti muifike ndi ntchito. Mumakoka mafuta, njinga imangolira, lole ili pambali panu osatha. Tsono ngati njinga imodzi ikufuna theka la kilomita, zisanu ndi imodzi zondondozana zifuna msewu wotalika bwanji?

(NYIMBO PANG'ONO)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za kupitirira galimoto pamene njinga zamoto zikuyenda pagulu. Bambo, tsopano tiuzeni za malo amene galasi silionetsa.

MLANGIZI: Galasi loonera kumbuyo limakuonetsani zimene zili kumbuyo kwenikweni. Koma pambali panu, cha kumbuyo kwa phewa, pali malo amene galasi silifikapo, diso nalonso silifikapo mukayang'ana kutsogolo. Pamalo amenewo pakhoza kubisala galimoto yathunthu. Omvera angathe kudziyesera lero lomwe. Imikani njinga pabwalo, khalanipo monga mumakhalira poyendetsa, gwirani mahandulo. Mnzanu aime kumbuyo kwanu pamene mukumuona pagalasi la kumanja. Ayambe kuyenda pang'onopang'ono kubwera cha pambali panu. Pafika pena pamene asowe pagalasi, koma m'mbali mwa diso lanu asanaonekere. Muuzeni aime pomwepo, ndiye mutembenuze mutu. Mudzadabwa kuona kuti ali pafupi moti mungathe kugwirana chanza.

MUULUTSI: Ndiye mankhwala ake ndi kucheuka.

MLANGIZI: Kucheuka basi. Chibwano chifike paphewa, diso lione, mutu ubwerere. Osati kuyang'anitsitsa ayi, chifukwa pa liwiro la 60 njinga imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Mukacheuka muli pamchira penipeni pa lole, iyo n'kuponda mabuleki, pobweza mutu mwalowa kale pansi pake. Choncho yambani mwasiya mpata kutsogolo, kenako cheukani. Ndipo mapewa asatembenuke, chifukwa mapewa akatembenuka mahandulo amatsatira.

MUULUTSI: Pamdipiti, amabisala pamalo amenewo kawirikawiri ndi ndani?

MLANGIZI: Mnzanu yemwe. Ndiye chodabwitsa chake. Inu mukuganiza zotuluka, wa kumbuyo kwanu watopa kudikira, watuluka kale, ali paphewa panu. Mwatsamira kumanja, mahandulo akolana, nonse awiri pansi, ndipo otsatira akubwera pamwamba panu. Wina ndi dalaivala wa galimoto yaing'ono kapena basi amene waona mzere wa njinga n'kuganiza zoupitirira wonse kamodzi. Iye akubwera ndi liwiro lalikulu kumanja kwanu, phokoso la injini za anzanu lakutsekani makutu. Galasi munaliyang'ana masekondi atatu apitawo, panalibe kanthu. Panopa alipo.

MUULUTSI: Koma bambo, njinga zambiri zimene ndimakwera ine magalasi zilibe. Ukafunsa amati adachotsa.

MLANGIZI: Ena amati njinga imaoneka bwino yopanda magalasi, ena galasi lidasweka n'kulephera kugula lina. Achimwene anga, galasi ndi lotsika mtengo kuyerekeza ndi mwendo. Bwezeranipo onse awiri. Muwakonze kuti muzingoona kachigongono kanu pang'ono m'mphepete, kwina konseko kukhale msewu. Ndipo mukamanga katundu wotambalala, kaya ndi belo, kaya matumba a feteleza, khalani kaye panjinga muone ngati galasi likuonetsa msewu kapena likungoonetsa thumba.

MUULUTSI: Nanga lole nayo ili ndi malo ake obisika?

MLANGIZI: Aakulu kuposa athu. Kuno kwathu timayenda kumanzere, dalaivala amakhala kumanja. Ndiye mbali yonse ya kumanzere kwa lole ndi kumene iye amaona movutikira kwambiri. Kumbuyo kwenikweni kwa ngolo saonako n'komwe. Kutsogolo, pansi pa mphuno ya lole, njinga imabisikanso. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati nkhope ya dalaivala simukuiona pagalasi lake, iyenso sakukuonani. Mabelo akasanjidwa motuluka m'mbali, kapena tenti ikamakupiza, magalasi akewo amatsekekanso.

Apa ndichenjeze za chizolowezi choipa kwambiri, chodutsira kumanzere. Mdipiti wafika pa lole, ena akudutsa kumanja, ena akulowa kumanzere m'mphepete mwa phula. Dalaivala waona a kumanja, mwaulemu wake akusendera kumanzere kuti awapatse malo, osadziwa kuti kumeneko kuli anthu. Komanso lole yaitali ikafuna kukhotera kumanzere, imayamba yatulukira kumanja kuti ngolo ikwane. Wanjinga amaona ngati wapatsidwa njira, n'kulowa pampatapo, ngolo n'kumutsekera. Lamulo la dziko lino ndi lakuti timapitirira kumanja.

MUULUTSI: Pali chinanso chimene ndimaona usiku ndi masana omwe. Dalaivala wa lole amayatsa indiketa ngati akuuza wa kumbuyo kuti dutsa kapena usadutse.

MLANGIZI: Chizolowezi chimenecho chilipodi m'misewu yathu. Ambiri akayatsa ya kumanja amatanthauza kuti usatuluke, kukubwera galimoto. Akayatsa ya kumanzere amati dutsa. Ya kumanjayo imvereni nthawi zonse, chifukwa kaya akukuchenjezani kaya akukhotadi, zonse ziwiri zikuti khalani kumbuyo. Koma ya kumanzere musaikhulupirire ndi moyo wanu. Mwina akukhotadi. Mwina akupatuka kuti aime. Mwina waona galimoto yokha, mbuzi sanaione. Ndipo ngakhale atakuitanani ndi dzanja, waitana njinga imodzi imene akuiona, sakudziwa kuti kumbuyo kwake kuli zisanu.

(NYIMBO PANG'ONO)

MUULUTSI: Tamva zoopsa zake. Tsopano tiyendetseni bwinobwino, bambo. Gulu lanyamuka. Liyende motani?

MLANGIZI: Nkhanga zidapangana kusanapse. Musanalize injini, imani kaye pamodzi mphindi zochepa. Sankhani wotsogolera, munthu wodekha, osati wothamanga kuposa onse. Sankhaninso wotsekera kumbuyo, wodziwa msewu. Amene angophunzira kumene, ndi amene anyamula katundu wolemera, akhale pafupi ndi kutsogolo kuti liwiro la gulu liyendere iwo. Gwirizanani malo odikirana, kuti wotsala asathamange ndi mantha oti asochera. Mukachuluka, gawikanani m'magulu a njinga zinayi kapena zisanu, ndipo pakati pa magulu pakhale mpata woti galimoto yokupitirirani ilowepo.

Pamsewu wowongoka musayende mogundana mapewa, komanso musayende tayala pa tayala. Wotsogolera akhale cha kumanja kwa mbali yanu ya msewu, wachiwiri cha kumanzere kumbuyo kwake, wachitatu cha kumanjanso, motero. Aliyense amaona kutsogolo, aliyense ali ndi kozembera. Pakati pa inu ndi amene ali kutsogolo kwanu mumzere wanu pakhale masekondi awiri. Kuyeza kwake, mnzanu akadutsa mtengo kapena chikwangwani, nenani modekha kuti, "Lisasadzi imodzi, Lisasadzi ziwiri." Mukafika pamtengopo musanamalize, mwayandikira kwambiri. Kukagwa mvula, onjezerani kawiri. Mukafika pakhona, pamlatho, kapena mukatsikira mumsewu wafumbi wa kumaesiteti, lowani mumzere umodzi ndipo talikiranani.

MUULUTSI: Ndiye tapeza lole ija.

MLANGIZI: Wotsogolera achepetse liwiro msanga, akupize dzanja pansi kuti a kumbuyo adziwe. Asakakamire pamchira pa lole. Mukatalikira m'pamene mumaona bwino kutsogolo, ndipo mumakhala ndi pothamangira. Akaona kuti msewu uli mbee, achite zinthu izi motsatana. Galasi. Indiketa. Kucheuka kumanja. Kenako giya yotsika kuti njinga ikoke, atuluke, alize hutala kamodzi, adutse motalikirana ndi lole, chifukwa mphepo ya lole imakankha njinga. Asabwerere kumanzere mpaka ataiona nkhope yonse ya lole pagalasi lake. Indiketa ya kumanzere, kucheuka kumanzere, kubwerera.

Tsono apa ndi pamene atsogoleri ambiri amaiwala. Ukadutsa, usachepetse liwiro pomwepo. Pitirira ndithu mpaka utasiya malo okwanira kumbuyo kwako, kuti mnzako akadutsa apeze polowa. Ukangodutsa n'kukhazikika pamphuno pa lole, wachiwiri adzafika n'kupeza pakhomo potseka.

Woyamba akalowa, wachiwiri asendere pamalo pamene panali woyamba, cha kumanja, ayambe zonse pachiyambi ngati ali yekha pamsewu. Aone kutsogolo ndi maso ake. Galasi, indiketa, kucheuka, kutuluka. Wachitatu chimodzimodzi. Ndipo amene wadutsa kale asamakodole anzake ndi dzanja kuti bwerani. Iye akuona za pamene ali, sakudziwa mphamvu ya njinga ya mnzake.

MUULUTSI: Nanga ukatuluka, n'kuona kuti walakwitsa?

MLANGIZI: Ngati simunafike pakati pa lole, siyani mafuta, gwirani mabuleki, bwererani kumbuyo kwake. Palibe manyazi pamenepo. N'chifukwa chakenso wotsatira asamathamangire kutseka malo a amene watuluka mpaka ataona kuti wadutsadi. Malo amenewo ndi pothawira pa mnzanu.

MUULUTSI: Tchulani malo amene munthu asayerekeze n'komwe.

MLANGIZI: Pamene pali mzere woyera wosadukiza. Pakhona. Pokwera chitunda chimene simukuona kuseri kwake. Pamlatho, kaya wa Bua, kaya wa Lisasadzi, chifukwa pamenepo mbali zonse n'zotsekeka. Pamphambano, poti amene mukumupitirirayo akhoza kukhotera kumanja, kapena wina akhoza kutulukira mumsewu wa m'mbali atayang'ana mbali imodzi yokha. Pamalo a malonda ndi pasukulu. Minibasi ikaima kutsitsa anthu, yembekezerani kuti wina atulukira kutsogolo kwake, kapena iyo inyamuka osayatsa indiketa. Ngolo ya ng'ombe ilibe indiketa, ndipo ng'ombe zikafika panjira ya kwawo zimakhota zokha. Chepetsani liwiro, idutseni motalikira, osaliza hutala pafupi ndi ng'ombe. M'chilimwe, fumbi la galimoto kapena utsi wa moto wa tchire ukaphimba msewu, chimene simukuchiona muchitenge ngati chilipo.

MUULUTSI: Pamaliro ndi paukwati pamakhalanso zina. Mahutala, kuimirira panjinga, kupikisana.

MLANGIZI: Pamenepo ndilankhule ndi atsogoleri a masiteji. Kuperekeza mnzathu ndi ulemu waukulu, ndipo anyamata a kabaza amagwirizana mochititsa kaso. Koma mdipiti ukadzaza msewu wonse, mbali zonse ziwiri, ena atalawako kachasu, tikuitana maliro achiwiri tisanaike oyamba. Apampando, ikani lamulo musananyamuke: pamdipiti palibe kupitirirana, aliyense asunge malo ake, ndipo amene wamwa akwere galimoto. Nyali ziyake ngakhale masana. Chipewa choteteza mutu chikhale pamutu, chomanga lamba, kwa woyendetsa ndi wokwera yemwe, osati chopachika pahandulo.

MUULUTSI: Ifenso okwera tili ndi mbali yathu. Ine ndikakwera, ndimanena poyambirira kuti, "Achimwene, sindikuthamangira kulikonse." Ndipo ndaphunzira lero kuti woyendetsa akamacheuka, ndisamutchinge ndi chikwama kapena ambulera.

MLANGIZI: Mwanena zoona, mayi. Wokwera ali ndi ufulu wonena kuti tsikani liwiro, ngakhale kunena kuti nditsitseni. Ndalama ndi yanu, mwendo ndi wanu. Tikumbukirenso kuti munthu akathyoka kwambiri kuno, chipatala cha boma cha Kasungu chimamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 100, ndipo fupa la ntchafu limatenga miyezi kuti munthu ayambenso kugwira ntchito. Miyezi imeneyo njinga ili chiimire, ngongole yake ikuwerengedwa, kumunda kulibe wopita. Ndipo amene sanapite kusukulu yoyendetsa, pitani mukaphunzire, mukatenge laisensi ku nthambi ya boma yoona za pamsewu, ya Road Traffic. Zambiri takambazi zimaphunzitsidwa kumeneko.

MUULUTSI: Nthawi yatithera, bambo. Mawu omaliza kwa amene akutimvera pasiteji.

MLANGIZI: Ndikupatseni ntchito ziwiri za sabata ino. Yoyamba, yesani zija za pabwalo, awiriawiri, aliyense adzionere yekha pamene mnzake amasowera pagalasi, kumanja ndi kumanzere komwe. Yachiwiri, kuyambira mawa cheukani nthawi iliyonse musanasunthe njinga kupita m'mbali: ponyamuka pasiteji, pozemba dzenje, pokhota, popitirira. Muzichita ngakhale msewu uli wopanda kanthu, mpaka khosi lizolowere lokha. Ndipo mukadzayenda pagulu, amene watsala kumbuyo kwa lole musamuseke. Mudikireni pamalo amene mudagwirizana.

MUULUTSI: Omvera, sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za kanyamulidwe ka katundu panjinga yamoto nyengo ya msika wa fodya: kulemera kwake, kamangidwe kake, ndi zimene kumachita ku mabuleki. Muuzeko mnzanu wa pasiteji kuti adzamvere nawo. Yendani bwino, tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)